Ambuya Gladys a ku Nyimba: filimu imene ndinapita nayo kumudzi

Lachiwiri lapitali, m'minibasi yochoka ku Chelstone kulowa m'tauni, mtsikana wina wa kumpando wakumbuyo anakuwa mwadzidzidzi ngati waponda njoka. Tinali pa jamu ya pa Manda Hill, dzuwa likuotcha, aliyense ali duu kuganiza zake. Dalaivala anaponda mabuleki pamene basi inali kale chiimire. Amayi ena amene anafungata beseni la tomato anacheuka: "Iwe mwana, uzatipaisa na BP! N'chani?" Mtsikanayo anachotsa timahedifoni m'makutu, nkhope ili pansi. "Pepani amami, ni filimu chabe."

Basi yonse inaseka, ndipo kuchoka pamenepo mpaka pa Kulima Tower nkhani inali imodzi. Kondakita ati yake ni Wrong Turn, ija ya anthu odya anzao m'thengo, anaionera kasanu osagwedezeka. Bambo wina wa tayi ati zimenezo n'zonyansa chabe, yoopsa yeniyeni ni The Conjuring, chifukwa magazi mulibe koma mtima umagunda mpaka kukhosi. Mnyamata wa yunifomu ya sukulu ati nonse ndinu akale, muonere Weapons. Amayi a tomato anadikira kuti onse atsirize, kenaka anaika yao pansi ngati chidindo: "Va azungu ni masewela. Onani va ku Nigeria. Vija si filimu iyayi, ni vamene vichitika."

Ine ndinakhala chete, ndipo amene amandidziwa adziwa kuti pa nkhani ya mafilimu pakamwa panga sipatsekeka. Koma dzina limene mnyamata wa sukulu uja anatchula linandibwezera ku Nyimba, kumudzi kwa amayi anga, kumene filimu imeneyo ndinapita nayo ndekha m'thumba la shati mu Sepitembala. Tifika kumeneko. Poyamba lekani ndikambe zimene ndikadakamba m'basi muja.

The Conjuring ya 2013 ndi filimu yopangidwa bwino, James Wan amaidziwa ntchito yake. Koma mantha ake amatsala pa mpando ukangodzuka. Banja ligula chinyumba pakati pa thengo, galu akana kulowamo, mawotchi onse aima nthawi imodzi usiku, ndipo iwo akhalabe momwemo. Mayi amva chinthu chikugogoda m'chipinda cha pansi pa nthaka, apita yekha kukasuzumira. Ndani wa ife angachite zimenezo? Ife a ku Kanyama ndi ku Mtendere, nyumba ndi chipinda chimodzi ndi katani pakati. Mzimu ukabwera udzabisala kuti, kuseri kwa mbaula? Chimene chimatiopsa chikagogoda usiku ndi alandilodi pa 5 wa mwezi. Ndipo ku Petauke galu atakana kulowa m'nyumba yatsopano, tsiku lomwelo katundu ali pa ngolo. The Nun ya 2018 ndiye sindinaimve n'komwe. Kwa ife obadwira m'zipatala za mishoni monga cha ku Minga, sisitere ndi munthu amene anatisambitsa tsiku loyamba. Kumupaka zoyera kumaso ndi kumupatsa maso achikasu sikungandisowetse tulo.

Imene imandigwira pang'ono ndi Final Destination 2 ya 2003, ndipo si chifukwa cha mizimu. Muli thiraki yonyamula mitengo imene unyolo wake uduka pamsewu, zipika n'kuyamba kudumphira magalimoto a kumbuyo. Aliyense amene anatsikapo mapiri a Manenekela usiku pa Great East Road, basi ili kumbuyo kwa thiraki yodzaza, mabuleki akununkha, amaidziwa filimu imeneyo asanaionere. Ina yao ya 2025, Bloodlines, ndinaseka kuposa kuopa.

Ya 2025 imene ndingauze munthu kuti alipirire tiketi ndi Sinners ya Ryan Coogler. Michael B. Jordan asewera mapasa amene abwerera kwao ku Mississippi mu 1932 kukatsegula malo a nyimbo ndi mowa, ndipo usiku wotsegulira womwewo kubwera anthu opopa magazi. Nyimbo zake zokha n'zokwanira ndalama yako. Koma chimene chinandikhala m'mutu ndi lamulo limodzi: opopa magaziwo sangalowe m'nyumba popanda wina wa m'kati kuwauza kuti lowani. Amaima pakhomo akumwetulira, akupempha mwaulemu ngati alendo ochita odi. Ndinakumbuka zimene tinkamva tili ana, zoti mfiti ya kutali siingakuchite kanthu ngati palibe wachibale wako woitsegulira chitseko. Pamenepo ndi pamene pasiyanira filimu imene umaiwala potuluka ndi imene umafika nayo kunyumba.

Amayi a tomato aja anali ndi mfundo, ngakhale sindivomereza zoti ni vamene vichitika. Mafilimu a ku Nigeria amatilowa chifukwa choopsa chake sichichokera ku manda a ku Romania. Chimadya nawe nsima mbale imodzi. Living in Bondage ya 1992, imene ambiri amati ndiyo inatsegula njira ya Nollywood, ndi nkhani ya mwamuna, Andy, wopereka mkazi wake Merit nsembe kuti alemere, mzimu wa mkaziyo n'kumamutsata mpaka kupenga. Pambuyo pake panabwera mafilimu osawerengeka momwe woipa ndi apongozi, mkazi wachiwiri, kapena agogo a kumudzi amene mwana wao wa m'tauni waleka kuwatumizira ndalama. Patience Ozokwor anasewera apongozi ankhanza kambirimbiri, mpaka ana athu akangomuona pa TV amadziwiratu kuti wina adyetsedwa mankhwala. Basi za pa Intercity zopita kum'mawa zatidyetsa mafilimu amenewa zaka zambiri. Uchoka mu Lusaka mkazi akulira. Pofika pa Luangwa Bridge kugula nsomba zouma abusa ayamba kupemphera. Pofika pa Nyimba pa nthochi nkhalamba yagwa pansi, ikuulula kuti ndi ine ndinadya ana.

Tsopano Weapons. Amene simunaionere mundikhululukire, ndiulula mathero, chifukwa nkhani yanga ili pa matherowo. Inatuluka mu Ogasiti, yolembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Zach Cregger. M'tauni ina yaing'ono ku America, ana 17 a kalasi imodzi adzuka usiku umodzi pa 2:17, atsegula zitseko n'kuthamangira mumdima manja atatambasula, osabweranso. Watsala mwana mmodzi yekha. Makolo akwiyira mphunzitsi wa kalasiyo, mtsikana wokhala yekha wokondako kumwa, mpaka wina alemba mau oti mfiti pa galimoto yake ndi penti. Kufika apa filimu ioneka ngati ikutiuza kuti kuloza munthu chala n'koipa. Kenaka itembenuka. Mfiti iliko ndithu: ndi nkhalamba yodwala, Gladys, wachibale amene anabwera kudzakhala m'nyumba ya makolo a mwana wotsala uja, wovala wigi yofiira, milomo atapaka mopitiriza. Akuyamwa moyo wa anthu kuti iye achire. Pa mapeto ana 17 aja amuthamangitsa masanasana kudutsa m'nyumba za anthu, akuswa mawindo, iye akukuwa, mpaka amugwetsa pa kapinga n'kumukhadzula ndi manja. Ndinaionera ndi anzanga muno mu Lusaka ndipo pamenepo tonse tinaseka mpaka misozi. Anaipanga dala kuti useke. Ndi filimu yabwino, sindibweza mau.

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 19, ali ndi kabizinesi kumudzi, ola limodzi pa njinga kuchoka pa tala ya Nyimba. Sola imodzi, batire la galimoto, ka TV kolowetsa fulashi, ndi sipika. Madzulo amatchinga khonde la golosale ndi masaka, akulu K2, ana K1 kapena chimanga chodzaza mbale. Mafilimu ambiri amakaikitsa ku Petauke kwa anyamata a pa msika amene ali ndi makompyuta, ena mwa iwo ndi aja omasuliridwa kale m'Chichewa ochokera ku Malawi. Koma a Chingelezi amamasulira yekha m'Chinsenga, ataima pambali pa TV, akuthiramo mchere wake. Ndi waluso, ndinamumvera. Nthawi iliyonse ndikamapita kumudzi uthenga umatsogola: "Amalume, musaiwale vatsopano, maka-maka voyofya."

Ndinamupatsa fulashi, ndinagona masiku awiri, ndinabwerera. Pambuyo pake ndinamva kuti Weapons anaionetsa sabata yathunthu, anthu akuchoka midzi ina kudzaiona. Ndipo pomasulira, pofuna kuti anthu amve bwino kuti Gladys ndi ndani pa banja lija, sananene kuti anti. Anati ni amama akulu.

M'mudzi mwathu amama akulu alimo. Ndi mkulu wao wa amayi anga. Zaka zao palibe amene anazilemba, koma ufulu wa 1964 unawapeza ali ndi mwana kumsana. Anabereka ana asanu ndi awiri, anaika m'manda asanu, ambiri mwa iwo m'zaka za m'ma 1990 pamene Edzi inasesa midzi ya m'mbali mwa msewu. Ndiwo anandilera chaka chimene amayi anali kudwala, ndiwo anandiphunzitsa kukazinga nshawa osapsereza. Kwa zaka ziwiri tsopano mutu wao wayamba kutaya zinthu. Amathira mchere kawiri m'ndiwo. Amaitana mdzukulu ndi dzina la mwana wao amene anamwalira kale. Amakamba okha. Dzuwa likamalowa amasowa mtendere, amati afuna kupita kwao, ali pakhomo pao pomwe. Maso ao ndi ofiira, monga maso a mayi aliyense amene waphika pa nkhuni m'kakhitchini kopanda windo kwa zaka 60.

Ana anayamba kuwaitana ambuya Gladys. Mlongo wanga atandiuza koyamba pa foni, ndinaseka. Ndilembe zoona zake: ndinaseka, n'kunena kuti ana a masiku ano.

Kumayambiriro kwa Novembala, kutentha kuli pachimake mvula isanagwe, mwana wa zaka zinayi wa pa nyumba yoyandikana nao anatentha thupi n'kuyamba kukomoka. Usiku wachiwiri wa matendawo, cha m'ma 3 koloko, bambo wa mwanayo anatuluka panja n'kupeza amama akulu ataima pafupi ndi nkhokwe yake, chitenje chitagwera m'njira, khasu lili m'manja. Atawafunsa, anayankha kuti, "Nikuya kumunda." Mwezi unali wowala kwambiri, iwo anayesa kuti kwacha.

Bamboyo anakuwa. Anthu anatuluka ndi matochi a pa foni. Ndipo zimene zinakambidwa pamenepo, malinga ndi mlongo wanga amene anathamanga kukawafunditsa, sizinali za makolo zokha. Wina anati agwa pa lichero. Wina anati aulule, monga amaululira anzao aja. Anyamata ena, amene masabata angapo m'mbuyomo analipira K2 pa khonde la golosale, anayamba kuitana dzina lija, Gladys, Gladys, ndipo tiana tinatambasula manja n'kuyamba kuthamanga mozungulira monga tinaonera, tikuseka. Kwa anawo anali masewera. Mwala woyamba unawapeza pa phewa. Wachiwiri unaphonya. Amene anaimitsa zinthu ndi mwana wa mlongo wanga yemweyo, amene anaima kutsogolo kwa ambuye ake ndi mpini m'manja, ndi anyakwawa amene anafika ndi ndodo yao n'kulamula kuti nkhani ikambidwa kukacha.

Ndinakwera basi yoyamba pa Intercity. Pa TV ya m'basi munali filimu ya ku Nigeria. Sindinakweze maso.

Pabwalo sindinafike ndi nzeru za m'tauni, ndinafika ndi mantha. Bambo wa mwana wodwalayo si munthu woipa. Tinakulira limodzi, tinkakumba mbewa limodzi, ndipo anali asanagone masiku atatu. Anandifunsa funso limene silinali ndi yankho lofulumira: "Mulamu, ngati si ufiti, munthu wamkulu afuna chani pa nkhokwe ya mnzake usiku, alibe chovala?" Anyakwawa, munthu wodekha, anagamula ziwiri. Mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo pa njinga yamoto, ndalama tisonkhe tonse. Amama akulu achoke kaye m'mudzi mpaka mitima izizire. Chachiwiricho chinandiwawa, koma sindinatsutse, chifukwa mlongo wanga sangalonde chitseko usiku uliwonse. Mwanayo anamupeza ndi malungo, anamupatsa mankhwala, sabata isanathe anali akuthamangitsa nkhuku. Ena anati mwaona, anali malungo. Ena anati mwaona, nkhalamba itangochoka mwana wachira.

Tinapita nao ku Petauke kwa mwana wao wamkazi. Kuchipatala, dokotala wachinyamata anawafunsa kuti lero ndi lachingati, anadya chiyani m'mawa, pulezidenti ndani. Anati pulezidenti ndi Kaunda. Anatiuza dzina la matendawo, dementia. M'chinenero chathu timangoti kuiwalaiwala kwa ukalamba, koma si ukalamba wamba. Ndi ubongo umene ukuwonongeka pang'onopang'ono. Kusokera pa malo odziwika, kusokoneza usiku ndi usana, kuvula zovala osazindikira, kukamba ndi anthu amene anamwalira, kuvomera chilichonse chimene ukufunsidwa mokalipa. Ikani zimenezo pambali pa zizindikiro za mfiti zimene tonse tinakula tikuzidziwa, muone ngati mupeza kusiyana. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni pa dziko lonse ali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osalemera ngati lathu. Mankhwala ochiritsa palibe. Chimene chilipo ndi chitseko chotseka bwino usiku, nyali yosazima, ndi munthu wogona pafupi.

Sindikunena kuti Zach Cregger ndiye anaponya mwala ku Nyimba. Mantha awa ndi akale kuposa TV. M'zaka za m'ma 1930 anthu a mchape anachoka ku Nyasaland n'kudutsa m'midzi ya dziko lino, akumwetsa anthu mankhwala ndi kuwayang'ana pa galasi kuti apeze mfiti. Nthawi ya atsamunda kunali mphekesera za banyama, ogwira anthu kuti awapope magazi, Sinners isanalotedwe n'komwe. Mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, ku Malawi, anthu anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa. Ife tomwe tikukumbuka 2020, nthawi ya gassing, pamene mlendo wofunsa njira m'komboni ankatha kufa dzuwa lisanalowe. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 n'kutulutsa buku lake mu 1965, anapeza kuti milandu yambiri ya ufiti inali pakati pa abale a mbumba imodzi, osati alendo. Chitseko chija chotsegulidwa ndi wa m'kati.

Chimene filimu imawonjezera ndi nkhope ndi mathero. Kale nkhani ya mfiti unkaimva ndi makutu, aliyense n'kujambula yake m'mutu. Lero mwana wa zaka 7 waiona ndi maso: ndi yokalamba, imadwala, imakhala m'nyumba mwanu, ndipo filimu ikamatha amaithamangitsa, oonera n'kuomba m'manja. Ku Nigeria komweko anaziona zimenezi. End of the Wicked ya 1999, ya mlaliki Helen Ukpabio, yoonetsa ana akudya nyama ya munthu usiku, yakhala ikutchulidwa zaka zambiri ndi omenyera ufulu wa ana pa nkhani ya ana othamangitsidwa m'nyumba ku Akwa Ibom; iye wakhala akukana mlanduwo. Ine wa mu Lusaka ndikaonera Gladys ndimatuluka n'kukwera minibasi, nkhalamba yoyandikana nane pampando sindiidziwa n'dzina lomwe. Kumudzi ukatuluka pa khonde la golosale, nkhalamba ili pa mphasa mamita 20 kuchoka pa TV, ndipo ukudziwa ana ake onse amene anamwalira.

Lamulo lilipo, Witchcraft Act, Chapter 90, la mu 1914. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, wotchulayo akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa. Ambiri tinalimva lamuloli mu Sepitembala, pamene khoti la mu Lusaka linapatsa amuna awiri zaka ziwiri m'ndende pa nkhani ya bilimankhwe ndi zithumwa zimene khotilo linamva kuti zinali zoti alodzere Pulezidenti Hichilema. M'mabasi nkhani imeneyo inamveka ngati boma lavomera kuti ufiti uliko. Mbali ina ya lamulo lomwelo, yoteteza wonamiziridwa, sindinamvepo kondakita aliyense akuikamba. Ndipo kwathu polisi ili ola limodzi pa njinga, pamene mwala uli pansi pa phazi.

Ndisanabwerere ku Lusaka ndinayesa kukonza ndi chida chomwe ndinawonongera. Ndinapempha mwana wa mlongo wanga kuti aonetse I Am Not a Witch, ya 2017, ya Rungano Nyoni, mwana wathu wobadwira mu Lusaka n'kukulira ku Wales. Inajambulidwa muno mu Zambia, muli Chinyanja ndi Chibemba, inaonetsedwa ku Cannes ndipo mu 2018 inapata mphoto ya BAFTA. Ndi nkhani ya kamtsikana, Shula, kamene akanamizira ufiti chifukwa mayi wina anagwa ndi ndowa ya madzi atakaona kataima panjira. Ku polisi bambo wina achitira umboni kuti kanamudula mkono ndi nkhwangwa, mikono yake yonse iwiri ili pomwepo. Akatumiza ku msasa wa onenedwa ufiti, amayi achikulire okhaokha omangidwa kansalu katali koyera kumsana kuti asauluke, ndipo akauza kuti kakadula kansaluko kasanduka mbuzi. Mkulu wina wa boma, a Banda, amene Henry B.J. Phiri anasewera mokoma, amayenda nako pa milandu ndi pa TV kupangira ndalama.

Kulowa kunali kwaulere, ndinalipira ine. Anthu anabwera ambiri. Pa bambo wa mkono uja anaseka mpaka kugwa pa benchi, ndipo a Banda anawazindikira msanga, aliyense anali ndi dzina la munthu wofanana nao. Koma filimuyo imayenda pang'onopang'ono, mulibe mphezi yotuluka m'maso, mulibe mbusa wogwetsa munthu. Pofika pakati, theka la anyamata linali litatuluka. Mmodzi anafunsa ali pa saka la pakhomo, "Lomba mfwiti ili kuni?" Amene anakhala mpaka mapeto anali amayi achikulire a pa mphasa kutsogolo. Sanaseke kwenikweni. Itatha, mmodzi wa iwo, wa msinkhu wotsatira amama akulu, anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, anakutumula chitenje, n'kunena osayang'ana munthu kuti mailo ni ise. Bambo wa mwana uja sanabwere.

Amama akulu akali ku Petauke. Amagona chipinda chimodzi ndi adzukulu awiri, ndipo pa chitseko tinamangirira chitini cha timiyala kuti akatsegula usiku wina amve. Madzulo alionse amamanga katundu wao m'chitenje n'kukhala pakhonde kudikira basi yopita kwao. Mvula yagwa, akuti munda ukuwadikira. Nditapita kukatsazika anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa moni wa manja awiri ngati mlendo. "Niwe mwana wa ŵani?" Ndinatchula dzina la amayi anga. Nkhope yao inawala. Anati, aa, mng'ono wanga uja, ukamuuze abwere adzanditenge. Amayi anga tinaika m'manda zaka zambiri zapitazo, ndipo amama akulu ndiwo anasambitsa thupi.

Lachiwiri lija, nditangotsika pa Kulima Tower, foni inalira. Mwana wa mlongo wanga pa WhatsApp. Ati anthu akufunsa, bizinesi yatsika chifukwa akubwereza zakale zokhazokha, ndipo wamva kuti Conjuring yatsopano, Last Rites, inatuluka. "Amalume, pa Khrisimasi mubwele nayo." Ndalama za pa khonde lija ndizo akusunga kuti alipirire mayeso a GCE chaka chamawa. Uthengawo uli ndi timizere tiwiri ta buluu, ndipo mpaka lero sindinayankhe.